A Mawaya ndi Makoilo Anayi

Galaja ya a Mawaya ndi chipinda chimodzi chachitali chofolera malata, chokwana galimoto imodzi ndi theka. Theka linalo ndi lawo: benchi lodzaza masipanala, shelefu ya mabokosi, ndi chitseko cholowera kukachipinda kakumbuyo komwe kuli bedi, ketulo ndi mpando umodzi. Mipando inali iwiri, koma wina anautulutsa kuti makasitomala azikhalapo, ndipo kumbuyoko palibe amene anausowa.

Dzina lawo lenileni lili pa laisensi. Msewu wonse umawadziwa kuti a Mawaya chifukwa ndi mmisiri wa magetsi a galimoto, ndipo munthu akangodandaula kuti galimoto yake ya tebo, chipangizo chija chowonjezera mphamvu ya injini, ikutsokomola pamtunda, amene wamva amangoloza ndi mlomo: pitani uko, mukapitirire pogulitsa matayala, geti lobiriwira.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, nthawi imene galimoto inkakhala ndi koilo imodzi yokha, yonga botolo, yotumiza moto ku mapulagi onse kudzera m'zingwe zakuda. Atakwatira n'kukhala ndi mwana wamkazi, anapita kunja kukagwira ntchito. Anati apita kwa kanthawi. Mwanayo mano ake a ubwana anali asanayambe kuguluka. Kunjako anagwera mu galaja ya anyamata olemera okonda liwiro, amene ankakweza mphamvu za injini mpaka zitsulo kupempha chifundo, ndipo m'menemo ndi momwe anaphunzira tebo ndi makhalidwe ake onse. Kanthawi kaja kanakula, kanamera ndevu, kenako imvi. Poyamba ankaimba foni mlungu uliwonse, kenako mwa apo ndi apo, kenako manyazi a kusaimba anakula kuposa chilakolako choimba. Pobwerera anapeza kuti mkazi uja anakwatiwa kwina ndipo anamwalira komweko, ndipo mwana uja ali pa nyumba yake kutsidya lina la mzinda, naye ali ndi mwana. Amene anakhalitsapo kunja akudziwa: umabwera makiyi ali m'thumba, koma maloko onse anasintha.

Anachita lendi galajayi, napenta geti, nayamba. Kunja kuja ankatchedwa mlendo. Kuno anayamba kutchedwa wakunja. Sipanala iliyonse ili ndi msomali wake pakhoma. Akati galimoto itha masana, imathadi masana, ndipo anthu ena zimenezo amaziona ngati kunyada. Anzawo a ubwana, amene akadali moyo, amaseka nthabwala zimene zinabadwa iwo kulibe, ndipo a Mawaya amasekera kumapeto, mochedwa, ngati munthu wolowa m'kalasi phunziro litayamba. Lamulungu galaja ikakhala yotseka amayenda wapansi mpaka pa mlatho wodutsa pamwamba pa msewu waukulu, n'kutsamira chitsulo, kumamvetsera galimoto zodutsa pansi. Iyi pulagi yatha. Iyi lamba walephera. Iyi ilibe vuto, vuto ndi dalaivala. Palibe amene amawafunsa, koma amayankhabe.

Galimoto za masiku ano zili ndi koilo pamutu pa pulagi iliyonse, kandodo kafupi ka pulasitiki kokhala ndi mphira kunsonga. Ntchito yake ndi kutenga magetsi ochepa a batire n'kuwasandutsa moto wodumpha pakamwa pa pulagi, kuti petulo ayake. Tsono tebo imakankhira mpweya wambiri m'silinda, ndipo ikakhala injini imene wina anaikweza mphamvu, mpweyawo umachita kupanikizana. Makasitomala akafunsa, a Mawaya amawayankha mofanana onse: "Yatsani machesi m'nyumba, ayaka. Machesi omwewo kayatseni pamwamba pa lole yothamanga." Koilo yotopa imanamiza. Galimoto itaima imalira bwinobwino, m'tauni imayenda ngati yatsopano. Koma mukaponda pamtunda, tebo n'kudzuka, moto uja umazima, injini n'kuyamba kudukiza ngati munthu wotsamwa. Mankhwala ake ndi makoilo amphamvu, onse pamodzi, ndi mapulagi ofinya pakamwa pang'ono kuti moto usamadumphe patali.

Popeza matendawa saoneka galimoto itaima, a Mawaya ali ndi kachitidwe kawokawo. Kompyuta yoyezera ali nayo, koma amaikhulupirira theka. Amakhala kumpando wa wokwera, mwini galimoto n'kumayendetsa, n'kukakwera mtunda wautali wa kuseri kwa fakitale ya simenti, mawindo otseka, wailesi yozimitsa, dzanja lawo lili pa dashibodi ngati la namwino pamphumi pa wodwala. M'maulendo amenewa ndi momwe amachezera ndi anthu. Munthu akagwira chiwongolero, maso ali kutsogolo, pakamwa pamamasuka: amanena za abwana, za mkazi, za shuga. Akatsika mtunda a Mawaya amakonza galimoto, imachira, ndipo mwini wake sabweranso. Ndi mmene ilili ntchito yogwirika bwino. Madzulo amakoka geti, n'kuwiritsa madzi a kapu imodzi.

Mwana wawo anabwera Loweruka lina m'mawa, pa galimoto yotuwa yaifupi, yolira mobangula pang'ono kumbuyo. Chibwerereni anali ataonanapo kangapo kochepa, nthawi zonse pagulu, n'kupatsana moni wa anthu okumana pamzere wa kubanki. Anatsika atanyamula bokosi m'khwapa.

"Ndinu a Mawaya?" anatero, nkhope ili gwa.

"Amatero."

"Musadzinamize, ndinayamba kwina. Mmisiri woyamba anati mafuta ndi oipa, wina anati tebo yafa, winayo anangoti mayi tiyeni tipemphere. Onse pomaliza akuti pitani kwa mdala wa geti lobiriwira." Anaika bokosi pa benchi. "Galimotoyi ndinaigula wina ataikweza kale mphamvu. Makoilo ndagula, anayi, amphamvu aja. Inu mungondiikira."

A Mawaya anatsegula bokosi. Makoilo anayi a mitu yofiira, enieni, osati achinyengo, atagona m'mapepala awo. Anatsegula boneti: mabawuti anayi, mawaya anayi. Ntchito yoti tiyi atathiridwa sangazizire n'komwe. Atazungulira kuti aone dashibodi, maso anagwera kumpando wakumbuyo: kampando ka mwana komangirira ndi lamba, pansi pake nyenyeswa za mabisiketi ndi kansapato kamodzi kachikasu. Mdzukulu wawo anali asanamuonepo.

"Tiye tikaimve kaye pamtunda," anatero.

Mwana wawo uja ankayendetsa ngati munthu amene msewu anachita kugula yekha. Ankatukwana maminibasi, kulizira hutala njinga, kukangana ndi maloboti. "Tamuonani uyu, laisensi anaipeza m'paketi ya sopo!" Kenako anaseka, ndipo a Mawaya anachotsa dzanja pa dashibodi. Kuseka kwake kunali kwa mayi ake, koyambira m'mphuno, komalizira pachifuwa. Zaka zonse zija kunja anali ataiwala mmene kunkamvekera, ndipo sankadziwa n'komwe kuti anaiwala.

"Ponda," anatero atafika pamtunda. "Mpaka pansi."

Tebo inaimba kamluzu kake, galimoto inadumpha, kenako gu-gu-gu, kudukiza, kanyali ka injini n'kuyamba kuphethira.

"Mwaimva? Ikundichititsa manyazi. Dzana ndinapitiridwa ndi galimoto ya maliro."

Pobwerera anayankhula za ntchito yake. Amagulitsa zipangizo za m'zipatala, ndiye theka la moyo wake lili pamsewu waukulu. Sanafunse kanthu za iwo. Koma ankayankhula, ndipo njira inatha msanga kwambiri.

Atafika pa galaja, a Mawaya anaima kutsogolo kwa injini nthawi yaitali kuposa mmene injiniyo inkafunira. Ankadziwa chimene chichitike akaika onse anayi: galimoto ichira, mwana anena zikomo, atuluka pa geti, kwatha. Analibe china chomuitanira. Kumuitana kudzadya, adzakhala pati? Kumuitana kudzacheza, adzacheza chiyani, poti nkhani yokhayo imene ili pakati pawo ndi imene onse awiri akuizemba?

"Izi sitisintha zonse nthawi imodzi," anamva pakamwa pawo pakunena. "Timayamba ndi imodzi, yodwalitsitsa, n'kuona mmene injini iilandirire. Ubwere Loweruka likubwerali."

Bodzali linali ndi msuweni wake woona, n'chifukwa chake linatuluka mosavuta: amisiri amasunthadi koilo imodzi kuchoka pa silinda ina kupita pa ina pofuna kuona ngati matenda aitsatira. Koma uko ndi kufufuza. Apa panalibe chofufuza. Makoilo akale onse anayi anali otopa mofanana, ophikidwa ndi kutentha kwa tebo kwa zaka.

"Pa intaneti akuti onse pamodzi."

"Ndiye pita nayo ku intaneti ikakuikire."

Mwanayo anawayang'ana, kenako kuseka kuja kunatulukanso m'mphuno. "Mdala wamwano inu. Chabwino."

Anaika koilo imodzi. Atatu otsalawo anawakweza pa shelefu, pamwamba penipeni. "Usamaponde kwambiri pakadali pano," anatero. Mwanayo anangokweza dzanja pa windo, n'kuponda.

Mlungu umenewo a Mawaya anasesa galaja mpaka m'makona mmene tsache linali lisanafikemo. Anagula kapu yachiwiri. Anachapa ovololo n'kuiyanika pa geti, ndipo mayi wogulitsa matayala khomo loyandikana nalo, amene maso ake saphonya ngakhale nyerere, anatulukira atagwira m'chiuno.

"Achimwene, kwagwanji? Kukubwera nduna?"

"Ukhondo ndi mlandu?"

"Kwa anthu ena ayi. Kwa inu ndi nkhani yolengeza pa wailesi."

Loweruka mwanayo anabweradi. Galimoto inali itachira masiku angapo, kenako n'kuyambiranso, monga mmene a Mawaya ankadziwira kuti ichita. Anakweranso mtunda. Ulendo uno anamva kuti mdzukulu wawo amakana kuvala nsapato ziwiri zofanana, kuti amaluma anzake ku sukulu ya mkaka, ndiponso kuti bambo ake amagwira ntchito kutali, amabwera mwakamodzikamodzi.

"Zikuoneka kuti ndi matenda a m'banja mwathu," anatero mwanayo, maso ali pamsewu. "Amuna oyenda."

A Mawaya anayang'ana dzanja lawo pa dashibodi. Mawu analipo, anali atawakonza zaka zambiri m'zipinda zozizira za kunja, kuwasema ndi kuwasemanso mpaka kupyapyala. Koma injini inadukiza, ndipo iwo anathawira pamenepo ngati mbewa yapeza una. "Wamva? Ndi silinda yachitatu imeneyo."

Anaika koilo yachiwiri. Tiyi mwanayo anamwa ataimirira, theka lokha, koma anamwa.

Loweruka lotsatira sanaike koilo n'komwe. Anati akufuna aone kaye mapulagi, nawamasula, nawayang'anitsitsa padzuwa ngati munthu wogula mphete, nawabwezera momwemo. Mwanayo anatsamira benchi akuwaonerera.

"Mukudziwa kuti ndimakumbukira chinthu chimodzi chokha cha inu?" anatero. "Munandigwiritsa waya wa pulagi injini ikulira. Moto wake unandimenya mpaka m'mano. Amayi anakuthamangitsani ndi tsache bwalo lonse."

"Unagwira wekha. Ndinakuletsa."

"Bodza!"

"Ndinakuletsa kawiri. Unali ndi makani ukadali chonchi." Anaonetsa ndi dzanja, kufika m'bondo.

"Ndiye ndinatengera ndani?"

Anakweranso mtunda, ngakhale panalibe chatsopano choti amve. Pamwamba, asanatembenuke, mwanayo anawaonetsa pa foni kanema wa mdzukulu akuvina atavala chidebe kumutu. A Mawaya anapempha kuti aonenso. Kenako anapemphanso, ndipo mwanayo anawasiyira foni m'manja mpaka kukafika pansi.

Galimoto itapita, mayi wa matayala anabwera n'kukhala pa mpando wa makasitomala osaitanidwa.

"Achimwene, ine ndakhala pano chibwerere chanu. Ndakuonani mukusintha timitu tofiira timeneti tonse tinayi munthu asanamalize kuyankha foni. Lero kamodzi kakufuna mlungu wathunthu? Kapena nyamakazi yalowa m'zala?"

"Kagulitseni matayala, mayi."

"Mukuweta kasitomala ngati nkhunda, kumwaza timbewu pang'onopang'ono kuti izolowere khonde."

"Ndi mwana wanga."

"Sakudziwa ndani? Mphuno ndi yomweyo, tsoka lake." Anaseka, kenako kuseka kunaphwa. "Koma galimoto imeneyo imanyamula mwana, achimwene. Ine za injini sindidziwa. Odziwa ndinu."

Ankadziwadi. Ankadziwa kuti petulo wosapsa amatsikira ku ekizozi n'kukawotcha zinthu kumeneko, zimenezo akanazikonza. Ankadziwanso china chimene sankafuna kuchiyang'ana kumaso: kuti galimoto yotere imafooka pa nthawi yokhayo imene woyendetsa waikapo moyo wake wonse. Anadziuza kuti anamuchenjeza. Anadziuza kuti Loweruka likubwerali aika onse otsala. Kapena mwina imodzi, itsale imodzi yokha, poti imodzi si yoopsa kwenikweni. Masana amenewo anatsitsa bokosi pa shelefu, naliyang'ana, nalibwezera.

Mwanayo sanadikire Loweruka. Anafika pakati pa mlungu dzuwa lili paliwombo, a Mawaya atalowetsa mutu pansi pa dashibodi ya galimoto ina, miyendo ili kunja. Anamva injini, naizindikira, ndipo mtima unadumpha ndi chimwemwe asanaone nkhope.

Mwanayo anazimitsa injini, nakhala m'galimoto kanthawi manja ali pa chiwongolero. Atatsika anakhala pa mpando wa makasitomala, koyamba kukhala pansi m'galajamo.

"Dzulo ndinali pamsewu waukulu," anatero. "Ndi mwana. Wantchito anadwala, ndiye ndinamutenga. Kutsogolo kuli lole ya matabwa, ikukwawa pamtunda. Ndinaona kuti mpata ulipo. Unalipodi, bambo, sindine wamisala. Ndinatuluka, n'kuponda. Ndafika pakati pa lole, galimoto gu-gu-gu. Kutsogolo kwatulukira basi, ikuphethiritsa nyali. Kumbuyo sindingabwerere, kutsogolo sikukoka. Wa lole uja ndi amene anaponda mabuleki, matabwa kuchita kulira, ine n'kulowa. Dalaivala wa basi ndinamuona mpaka mano."

"Nanga mwana?"

"Mwana ankaomba m'manja. Akuti amayi, bwerezaninso."

A Mawaya anapukuta manja, natsitsa bokosi. Anatsegula boneti, namasula mawaya ndi mabawuti, nazula makoilo awiri akale aja. Mphira zawo zinali zouma, zong'aluka, imodzi ili ndi kamzere koyera komwe moto unkathawira m'mbali. Anatulutsa mapulagi onse, natenga atsopano m'kabati, nafinya pakamwa pa iliyonse mpaka kachitsulo koyezera kanalowa mothina. Anapaka girizi pang'ono m'kati mwa mphira, nakankha koilo iliyonse mpaka kumveka kuti yakhala. Manja ankagwira okha, mwachangu, mmene anazolowera, ndipo iwo analibe mphamvu zowachedwetsa. Mitu inayi yofiira inandandalika pa injini.

Mwanayo anali ataimirira pambali pawo. Anayang'ana injini, nayang'ana bokosi lopanda kanthu.

"Mwatha?"

"Tiye pamtunda."

Panjira ya ku fakitale minibasi ina inawadula kutsogolo, mwanayo osaitukwana. Pamtunda a Mawaya sanachite kunena kuti ponda. Tebo inaimba, galimoto inawakankhira m'mipando, n'kukoka, kukoka, giya ina, kukokabe, osadukiza ngakhale kamodzi, mpaka mtunda unatha pansi pawo ngati mphasa yokokedwa. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, kunja ndi kuno, injini yolira bwino chonchi anali ataimvapo kowerengeka.

Pamwamba mwanayo anapatukira pambali, nazimitsa. Kunja kunali fumbi la simenti ndi mpanda wa waya.

"Pamene mumagwira paja ndinayamba kulemba uthenga wa kuntchito," anatero. "Mwatha ine ndisanautumize."

"Inde."

"Ndiye zija zoti injini iyambe yazolowera imodzi?"

A Mawaya anayang'ana mpanda. Pa waya panakola pepala la pulasitiki, likukupiza.

"Ndikanaika onse tsiku loyamba lija," anatero, "ukanabweranso?"

Mwanayo anatembenuka thupi lonse, lamba n'kumukoka paphewa. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo a Mawaya anaona nkhope ikusintha kangapo isanakhazikike.

"Mwana anali kumbuyoku, bambo. Apa." Anamenya kampando kaja ndi chikhatho. "Apa!"

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Simunamuonepo n'komwe. Inu mukudziwa nsapato yake. Munachoka, sitinafe. Mwabwera, ndiye mutiphe kuti tizikuchezerani?"

Lole ina inadutsa, galimoto n'kugwedezeka.

"Mukanangonena," anatero mwanayo, tsopano motsitsa. "Pakamwa muli napo. Mukanangoti mwanawe, bwera udzandione."

"Ukanabwera?"

"Mwina ayi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mwaukali, ngati akupukuta galasi la galimoto. "Mwina ndikanakuuzani mawu oti mukanasowa nawo tulo mwezi wonse. Koma mukanakhala kuti mwafunsa. Inu simufunsa. Mumangochoka, apo ayi kukhala chete, kenako n'kuchita zinthu za m'mbali."

Analiza injini. Potsika mtunda galimoto inkangoti myaa. Pa geti lobiriwira sanalowe. Anaima pamsewu injini ikulira. A Mawaya anatsika, nagwirira chitseko.

"Petulo uziika wabwino," anatero. "Ndipo ukachoka kutali, usamazimitse nthawi yomweyo, tebo izipuma kaye."

"Tsekani chitseko, bambo."

Anatseka. Anaima pamenepo kumvetsera ikupita: giya yoyamba, yachiwiri, kamluzu ka tebo pa kona, zonse zoyera. Khutu lawo linafunafuna kudukiza ngakhale kumodzi, koma silinakupeze. Mayi wa matayala anali pakhomo pake. Anatsegula pakamwa, naona nkhope yawo, nalowa m'kati.

Loweruka linafika, n'kupita. Linafikanso lina. Galimoto zinkabwera monga kale: mnyamata wina wa galimoto yofiira yotsitsidwa mpaka kukwecha pansi, mphunzitsi wina wopuma pa ntchito amene anagula tebo osadziwa kuti ndi tebo. A Mawaya ankakwera nawo mtunda, kuwaikira makoilo onse pamodzi, n'kuwatsanzika. Galimoto yotuwa iliyonse yodutsa pamsewu inkawadzutsa mutu pansi pa boneti, mpaka khosi linayamba kuwawa. Mayi wa matayala anasiya kuwaseka, ndipo zimenezo zinawawawa kuposa kusekedwa.

Nambala ya mwanayo anali nayo. Anawapatsa monga amachitira kasitomala aliyense. Koma foni a Mawaya amaigwiritsa ntchito pouza anthu kuti galimoto yatha, bwerani mudzatenge. Kuimbira munthu popanda galimoto pakati pawo anali ataiwala poyambira pake. Masana ena, galaja ili mbee, anakhala pansi, napukuta zala pa ovololo chimodzichimodzi, nadina.

Inaitana nthawi yaitali. Anali pafupi kudula.

"Galimoto ili bwino," anatero mwanayo, osapereka moni. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la anthu ambiri.

"Sindinaimbire galimoto."



"Ndimati..." A Mawaya anayambiranso. "Ndimati mwanawe, ukapeza mpata, ubwere udzandione. Ndi mwanayo. Kapena ine ndibwere kumeneko, ngati n'kololedwa. Ndi zomwezo."

Anamumva akupuma. Wina chapatali anamuitana, iye n'kuyankha kuti akubwera.

"Ndili pa ntchito, bambo."

"Ndamva."

"Mkwiyo sunandithere."

"Ndamva."

"Ndiganiza kaye. Musamangondiimbiraimbira." Kenako, ngati mawu angomupulumuka: "Koma mwafunsa. Zimenezo ndamva."

Foni inaduka. A Mawaya anakhala nayo m'manja mpaka kuwala kwake kunazima. Mwanayo sanati inde, sanati ayi, ndipo m'galaja monsemo munalibe bawuti kapena waya woti akanagwira kuti yankho lifulumire. Anaiyatsanso kuti aone ngati mawu ake ali okweza mokwanira, naiika m'thumba la pachifuwa, nakhala.